Nkhuku pa Pepala la Malipiro

Lolemba

Nkhungu yakuta phiri lonse, kaofesi kanga ka ukalaliki pasukulu pano kakuchita ngati kakuyandama. Akulowa Mayi Wanjiru, aphunzitsi athu a sayansi ochokera ku Kenya, ambulera ikudontha. Zaka ziwiri aphunzitsa mongodzipereka, tsopano akufuna pemiti yeniyeni ya ntchito.

"Akalaliki, kukufunika pepala la malipiro anga ndi umboni wa msonkho. Zikapanda kupezeka, mwezi uno ndikwera ndege."

Ndege? Ine ndili moyo? Zosatheka!

Pulani:
pepala lokongola
chidindo cha ahedi
asapite
chachinayi sindilemba, mlongo wanga amasuzumira m'bukuli.

Lachiwiri

Kavuto kakang'ono. Sitinawalipirepo ngakhale tambala imodzi. Mpingo, mwini sukuluyi, umangowatengera zinthu kunyumba. Ndikufunsa amayi a mpingo zomwe anaperekapo, ndikulemba pamzere wa malipiro:
nkhuku khumi
mtedza, ndowa zinayi
nkhunda ziwiri (imodzi inathawa)
maungu, osawerengeka.

Masana onse maso ali pawindo. M'maganizo ndikuona nyumba yathu yamalata ku Bowe, mapeyala kuseri, ana awiri akukana kutumidwa m'Chiswahili. Tiyi wazizira osamwa.

Lachitatu

A Kamwendo, msungichuma wa mpingo, afika atavala magalasi awo owerengera Baibulo. "Malipiro opanda msonkho ndi umbava, mwana wanga. Pa nkhuku khumizo boma litengepo zitatu."

Nanga poti zinadyedwa kale!

Amayi amva kuti mphatso zawo zikawerengedwa ku likulu. Adzaza ofesi. ANaphiri akuti tambala wawo anali wamkulu, alembedwe ngati awiri. ANabanda akuti dzungu lawo lisasakanizidwe ndi maungu a anthu ena. Mutu ukuwawa, koma mtima uli mbee. Ndikuwakonda Mayi Wanjiru, ndalemba basi, mlongo wanga awerenge akafuna.

Lachinayi

Inki yatha. Ndikulemba pamanja, katatu, ndi rula. Pepala latuluka bwino ngati satifiketi ya ukwati.

Chidindo? Chili m'thumba la jekete la ahedi. Ahedi ali kumaliro kwa Dzoole! Kabaza wa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo, nsapato imodzi yatsala mumsewu. Ahedi akudinda pachishalo cha njinga, akunong'ona: "Iwe, changu chonsechi bwanji sumachionetsa pa malipoti a ana?"

Pobwerera pepala lili mkati mwa malaya, pachifuwa penipeni. Mvula ikundimenya, ine ndikuyimba.

Lachisanu

Ku boma ku Ntchisi, kwa msuweni wanga wodziwa za misonkho. Akuwerenga. Akufika pa nkhunda yothawa ija, akuseka mpaka kutsamwa.

"Msuweni, mphatso za amayi si malipiro. Lemba kalata yoti anali wongodzipereka, sankalandira ndalama. Mizere itatu basi. Za malipiro ndi msonkho alemba ndi mabwana awo atsopanowo."

Atsopano ati? Akutanthauza ifeyo, ndithu. Sukulu yomweyi, koma mwatsopano. Ndikulemba mizere itatuyo. Pepala langa lokongola akuti ndimusiyire, akaonetse anzake.

Loweruka

Ahedi abwera, adinda. Ndasita malaya, ndapukuta nsapato zobwereka, mawu ndayeserera njira yonse. Ndikugogoda kwa Mayi Wanjiru.

Akuwerenga kalata, akudumpha ngati mwana. "Achimwene anga! Mwandipulumutsa! Sukulu ya ku Lilongwe ija imangodikira kalata imeneyi kuti inditengere pemiti!"

Achimwene. Lilongwe.

Ndikuseka nawo, mano okha. Akuti anandiuza Lolemba lomwe lija. Mwina anandiuzadi, ine ndinali kuyang'ana mmene amapindira ambulera. Zandipweteka kwambiri, sindinama.

Lamulungu

Kutchalitchi kwadzaza. Abusa akundiimiritsa pamaso pa mpingo wonse: "Mnyamata uyu wathamanga m'matope kuti mlendo wathu apeze ntchito ku Lilongwe. Ena mukanatero?" M'manja phwaphwaphwa. Amayi nthungululu.

Kenaka: "Akalaliki, mutitsogolere pemphero la ulendo wabwino."

Ndikupemphera. Ndikupempha kuti mvula ikate, msewu uume, galimoto isatitimire. Pakamwa pakunena zimenezo, mtima ukupempha chigumula. Potuluka, dzuwa lili ng'aa, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Zaka zonsezi ndikupemphera, layankhidwa msanga ndi ili.

Mayi Wanjiru akuti sutikesi yawo ndi yolemera, kodi achimwene angawanyamulire mawa mpaka pa siteji? Ndavomera.