Chithunzi Chopita kwa Apongozi

Lolemba
Mayi Gondwe a kutchalitchi akukwera ndege ya ku Malawi Lamulungu madzulo. Avomera kunditengera chithunzi changa kwa makolo a bwenzi langa Tiyamike ku Dedza. Amalume ake akuti sangapereke mwana kwa munthu amene sanamuone nkhope. Ndiye chithunzicho chikhale cha black and white, chosalala, chopanda timchenga tija timachititsa munthu kuoneka ngati wagwa m'gaga. Ndagula:
filimu ya ASA 50, yosalala kwambiri
ya 400, zikavuta
madivelopa awiri otsukira filimu, wina wamphamvu, wina wofatsa
Kotsukira ndi kubafa kwathu kuno ku Handsworth. Katswiri ndine!

Lachiwiri
Kani ya 50 imafuna dzuwa. Dzuwa ku Birmingham mu February! Suti ndavala, kamera pa bini, taima yodzijambulira yalira. Kamera ikuchedwa kutseka diso, ine ndikunjenjemera ndi chisanu. Potsuka ndatuluka ndi mitu iwiri. Amalume angafunse kuti mkamwini ndi uti.

Lachitatu
Ya 400 ndi divelopa wamphamvu uja. Mutu umodzi tsopano, koma mchenga wokhawokha! Mwansa, mnzanga wa ku Zambia amene ndimakhala naye, akusuzumira: "Ba Malawi, munadwala chikuku?"

Lachinayi
Mzungu wa pashopu ku Oldbury akuti ndisungunule divelopa winayo ndi madzi, theka ndi theka, pa madigiri 20. Bafa lathu kuzizira ngati mochale. Ndikuthamanga ndi ketulo. Ndili mkati mokulunga filimu mumdima, Mwansa chitseko gwa, getsi ngwee: "Nifuna kusamba, nili na shift." Filimu yonse bii. Ndikufuna kulira.

Lachisanu
Dzuwa! Lecture ya ku Coventry ndajomba. Ya 50 yotsala, divelopa wosungunula, bafa lokiya, Mwansa ndamuopseza.

Loweruka
Zatheka! Mchenga palibe ngakhale kamodzi. Chilichonse chikuoneka: ziphuphu za pachipumi, dazi limene sindimadziwa kuti layamba, ndi kapepala ka shopu ya kaunjika pamkono wa suti. Mtima wandipweteka pang'ono, komabe luso ndi luso.

Lamulungu
Tikuweruka kutchalitchi. Ndikuwapatsa Mayi Gondwe chithunzi ndi manja awiri. Akuchiyang'ana nthawi yaitali.
"Mwananga, chopanda mtundu? Ku Dedza adzati wamwalira, kapena wasauka mpaka kulephera kugula filimu ya kala."
Ndikuyamba kufotokoza za divelopa. Iwo akupisa m'chikwama, akutulutsa cha kala chimene adandijambula pa Khrisimasi ndi kakamera kawo kapulasitiki. Maso ofiira psuu, masaya otukumuka, mafuta mpaka pachibwano.
"Ichi ndiye adzaona kuti mwana wawo sadzagona ndi njala."
Ndege yanyamuka. Changa chosalala ndachikoleka kubafa. Amalume andidziwa ndili ndi ntchafu ya nkhuku m'kamwa.