Mmene ndinasandutsira amayi a ku Misuku kukhala abambo

Mukadzafika ku Misuku n'kumva anthu akufunsa za Nakompyuta, musavutike kufufuza. Ndine ndemwe, ndipo ndine mwamuna wandevu zanga.

Ndinachoka kwathu ku Dedza kudzakhala kalaliki pa bungwe lina la alimi a khofi pa Chitipa Boma. Kompyuta yathu si izi zokongola ayi. Ndi sikirini yakuda ya zilembo zobiriwira, yolumikizidwa ku chikompyuta chachikulu cha ku Lilongwe. Ubwino wake umatha kutsegula mafayilo angapo nthawi imodzi, n'kulemba lamulo limodzi loti onse asinthe. Ine ndinkanyada nazo zimenezi (ndinkachita kudikira pabwere munthu ndiye ndiyambe kugogoda mabatani).

Sabata imeneyo ndinapatsidwa ntchito yokonza masatifiketi a alimi omwe anamaliza maphunziro a nazale. Fayilo ya abambo, ya amayi, ndi ina ya mawu apasatifiketi. Pa amayiwo panali mayi Namwaka, mayi ake a Lusubilo, namwali amene ndinkamufuna ukwati. Anali asanandivomere. Ankati anyamata akummwera amathamanga pakamwa. Ndiye ndinati apa ndi pomwe andidziwire.

Nditayang'ana maina ndinaona chisokonezo: uyu Simwaka, uyu Namwaka, uyu Silungwe, uyu Nalungwe. Kwathu Naphiri ndi dzina longoitanirana, papepala timalemba Phiri. Ndinaganiza kuti kunonso n'chimodzimodzi, dzina lenileni ndi la Si. Sindinafunse munthu. Ndinatsegula mafayilo onse atatu, n'kulamula kuti paliponse pali na pakhale si. Kenaka ndinasunga, monyadira.

Kenaka ndinawerenga satifiketi ija. Imati alimi "asimaliza maphunziro a sizale". Makina aja sasankha, abale. Na aliyense anamudya.

Ali pakhomo abwana anga, a Sikwese: "Vikwenda makora, adada?"

"Bwinobwino, bwana," ndinatero, nditaphimba sikirini ndi phewa.

Atachoka ndinati n'zosavuta, ndingobweza. Paliponse pali si pakhale na. Nazale anabwereradi, amayi anabwerera. Koma abambo onse a ku Misuku anasanduka amayi. Wosayinira pansi anali a Nakwese, ndipo tsiku linali tnaku (mpaka lero sindidziwa katchulidwe kake).

Apa mantha anandigwira zenizeni. Ndinakonza tnaku ndi dzanja, kenaka ndinati ndilowe mu fayilo ya abambo yokha ndiwabwezere umuna wawo. Tsoka lake mafayilo aja amafanana ngati nyemba. Ndinalamula, ndinasunga, ndinatumiza ku Lilongwe kuti akadinde. Osadziwa kuti nthawi yonseyo ndinali mu fayilo ya amayi.

Masatifiketi anabwera pa basi atamatidwa, ndipo tinakawatsegulira pamwambo pomwepo, pabwalo la sukulu ina kufupi ndi nkhalango ya Mughese. Ine nditavala jekete, ndakhala kutsogolo kuti mayi Namwaka andione.

A Sikwese anayamba kuitana. "Nalungwe!" Ananyamuka mayi wina, koma dzina loyamba linali Petulo. Petulo weniweni, mdala wa imvi, anakana kudzuka. "Ine Na? Nakhala mwanakazi pauli?" Atamva mdalayo akufunsa kuti wasanduka mkazi liti, anthu anagwa nacho chiseko. Mkazi wake anamuponyera chitenje, ati azolowere.

Mpamene mphunzitsi wina anandinong'oneza kuti kuno Si ndi dzina la mwana wamwamuna, Na la mwana wamkazi, ndipo zimalembedwa choncho ngakhale pa chitupa. Ndinafuna nthaka ing'ambike. Lusubilo anali atabisa nkhope, koma mapewa ake ankagwedezeka.

"Simwaka Esinati!" Mayi ake a Lusubilo anapita, analandira, anawerenga modekha, kenaka analunjika kwa ine.

"Ndimwe mwalemba ichi?"

"Ndi makina, mama."

"Makina ndiwo akufuna mwana wanga?"

Iwo anapinda pepala lija bwinobwino n'kuliika m'chikwama.

"Ichi sindibweza chara. Zaka zonsezi adada ake a Lusubilo amati nkhani ya ukwati ndi ya wanalume, ine ndizikhala chete. Lero ofesi yandilemba kuti ndine bambo, chidindo chilipo. Ndiye mlandu wanu ndiweruza ndine. Mubwere Loweruka ndi akwanu, a Nakompyuta."

Tinapitadi. Anakhala pampando iwo, satifiketi ili pamiyendo, amuna awo ali pamphasa. Anandifunsa dzina la Lusubilo lonse. Poti bambo ake ndi a Silungwe, ndinayankha Nalungwe, mokweza mpaka nkhuku zinathawa. Anavomera.

Masatifiketi ena onse tinadindanso, kupatula yawo, yomwe ili mu felemu pabalaza. Makadi aukwati Lusubilo wakalembetsa kwa munthu wina ku msika. Ndinamuuza kuti ndikhoza kuwakonza onse pa foni yanga ndi lamulo limodzi lokha, koma anangondilanda foni.