Chitedze cha ku Lutembwe

Nkhani iyi ndaisunga m'mimba zaka zambiri, ndipo ngakhale pano ndikuilemba makutu akunditentha. Ana anga amadziwa kuti mayi awo ndinawapeza ku Kasenengwa. Chimene sadziwa ndi mmene ndinalowera m'mudzimo.

Ufulu unali utangobwera kumene, anthu akusokonezabe dzina lakale la tauni yathu, Fort Jameson, ndi latsopano la Chipata. Azungu ambiri anali atachoka m'maofesi, ndiye ine, wodziwa kutaipa ndi zala ziwiri zokha, ndinapezeka ndili ndi tebulo langalanga. Mutu unakula.

Loweruka lina ndinakwera basi kukaonekera kwa abale a Sesiliya, mtsikana amene ndinkamufunsira. Ndinavala suti, tayi, ndi nsapato zosongoka zimene ndinagula dzulo lake kwa amwenye. Amene anandilandira anali atsibweni ake, a Mbewe, mdala woonda ngati bango. Mayi ake a Sesiliya sindinawaone nkhope. Paja mkamwini ndi apongozi sayang'anana, choncho anandilonjera ali kuseri kwa nkhokwe.

"Akalaliki," anatero a Mbewe, "tiyeni ndikakuonetseni madimba athu. Titsata mtsinje wa Lutembwe mpaka kumtunda, tikaoloka pa ulalo, n'kubwerera tsidya linalo. Koma ndi kutali, ndiye nsapato zanuzo..."

"Musadandaule, bambo," ndinatero. "Ine kuyenda sikundivuta."

(Bodza. Ulendo wanga wautali masiku amenewo unali wochoka ku ofesi kupita ku positi.)

Poyamba zinkayenda bwino. Ndinayamba kuwaphunzitsa ulimi wamakono umene ndinawerenga m'mapepala a ku ofesi, munthu woti anayamba kulima mtedza ine ndisanabadwe. Iwo ankangoti, "Eee, akalaliki." Kenako kanjira kanalowa m'mabango, kutsika m'zigwembe, kukwera m'miyala, ndipo nsapato zinayamba kundiluma. Pofika kudimba matuza anali ataphulika. Alimi anzawo anatipatsa thobwa, ine ndinamwa zipanda zitatu, ndikumati mwina mphamvu zibwerera.

Ulalo uja unali mtengo umodzi wokha. A Mbewe anaoloka akufwenthera fodya m'mphuno. Ine ndinaoloka chokwawa, nsapato zili m'khosi, tayi ikulendewera pamadzi.

Pobwerera dzuwa linaswa mtengo, ndipo thobwa lija linayamba kuyankhula m'mimba. Ndinapirira mtunda wautali ndithu, ndikuyenda ngati ndaponda minga, mpaka ndinaona kuti ndichita ngozi.

"Bambo, tsogolani. Ndikufuna ndiuonetsetse mtengo uwo."

Mdalayo anamvetsa. "Chabwino, koma thengo la kumanzereko musalowe, muli..."

Sindinadikire kuti amalize. Manyazi ndi changu zinandikankhira kumanzere komweko. Ndinakanjuta pansi pa ziyangoyango za nyemba zaubweya, zofiirira, n'kumati ndi nyemba zakuthengo chabe. Mwana wokulira m'tauni, chitedze ndinkangochimva m'nkhani. Kamphepo kanawomba, ziyangoyango zinagwedezeka, ndipo kaubweya kaja kanandithira thupi lonse.

Abale, kuyabwa kumeneko kulibe mnzake. Kunayambira m'khosi, kutsikira kumsana, mpaka kumalo amene sindingawatchule pano. Ndinataya jekete. Ndinataya tayi ndi shati. Thalauza nalo linapita, ndi zonse za m'kati mwake. Ndinamva madzi akulira kuseri kwa mabango, ndiye ndinaliyatsa liwiro.

"Osati m'madzi!" a Mbewe ankakuwa m'mbuyo. "Dzitikiteni ndi dothi!"

Ndani akanamva? Ndinabowola mabango n'kudziponya mumtsinje, khuvuu! Apa m'pamene ndinazindikira zinthu ziwiri. Choyamba, chinali chilimwe, madzi ankalekeza m'maondo. Chachiwiri, tinali titazungulira kale mpaka kufika pafupi ndi mudzi, padooko pamene amayi amachapira.

Analipo asanu. Onse anaima chilili, zovala zili m'manja. Amene anali pafupi nane anali ndi nkhope ya Sesiliya yeniyeni, kungoti yachikulire. Ndinakhala pansi m'madzimo, koma madzi a m'maondo sabisa munthu.

Mayiwo sanakuwe, sanaseke. Anatembenuka n'kundifulatira, anamasula chitenje chapamwamba, n'kuchitambasulira kumbuyo osacheuka. Kenako anayankhula ndi a Mbewe, amene anali atangotulukira ali wefuwefu.

"Achimwene, auzeni alendo kuti madzi amangowonjezera. Avale ichi. Phulusa lili kunyumba."

Mmenemo ndi mmene ndinalowera m'mudzi: chitenje chamaluwa m'chiuno, matope thupi lonse, ndikudzikanda ngati nyani, a Mbewe ali patsogolo atakoleka suti yanga kunsonga ya nsungwi ngati njoka yakufa. Sesiliya atandiona anathawira m'nyumba. Phokoso limene linkamveka m'menemo sindinadziwe ngati kunali kulira kapena kuseka. (Mpaka lero amakana kundiuza.)

A Mbewe akunditikita phulusa kuseri kwa khola, ndinawauza kuti nkhani ya ukwati ithere pomwepo, chifukwa sindingathenso kuponda m'mudzimo.

"Bwanji?" anafunsa. "Mwazungulira mtsinje wonse, akalaliki. Wina anabwera chaka chatha kudzafunsira mwana yemweyu, anabwerera pa ulalo."

Tinakwatirana mvula itatha. Chimene ndinaphunzira n'chakuti munthu wamkulu akayamba kuyankhula, uzidikira amalize, ngakhale m'mimba mukuwira bwanji.

Apongozi anakhala ndi moyo zaka zambiri, ndipo nkhaniyi sanaitchulepo ngakhale kamodzi. Kungoti ndikapita kumudzi, n'kunyamuka kuti ndikawongole miyendo, mawu awo ankamveka kuseri kwa nyumba, ofatsa bwino, akuuza aliyense amene ali pafupi:

"Auzeni asapite kutali. Chitenje changa ndachapa, sichinaume."