Zonse Zinachitika pa Sikisi Julayi

Lolemba, 30 Juni
Anandiuza ndi malemu amalume a Juwawo tikudulira tiyi ku esiteti: zazikulu zonse zimachitika pa sikisi Julayi. Chaka chino tsikuli lagwa Lamulungu, ndipo a tcheyamani a mpingo andipatsa mphindi khumi mapemphero akatha. Khumi zokha, ine wolankhula mpaka nkhuku kulowa m'khola! Ndandandalika zoti ndikanene:
1. Ufulu, 1964.
2. Ripabuliki, 1966.
3. Makolo athu kuwoloka Muloza kuchokera ku Milanje.
4. Napolo kukokolola mlatho wa kwathu.
5. Ukwati wanga.
6. Kubadwa kwanga. Zili pa chitupa.
Kulemba ndinaphunzira ndili ndi imvi kale, cholembera chimandithawa, koma mutu uli bwinobwino.

Lachiwiri, 1 Julayi
Ndikuyeserera pakhonde. Mayi a kunyumba, akusenda chinangwa: "Paukwati wathu tinadya mango, bambo. Mango a Julayi munawaona kuti?" Nambala 5 yachoka.

Lachitatu, 2 Julayi
Chiperoni, phiri silikuoneka. Pa Chinakanaka ndikuuza a telala za napolo. "Napolo amatsika ndi mvula ya dzinja, madala. Kamvula aka sikangakokolole ndi chitsononkho chomwe." Zatsala zinayi. Zinayi n'zambiri ndithu.

Lachinayi, 3 Julayi
Kabaza mpaka ku Muloza, msana wonse phwanyu. Achemwali anga aakulu akuti amayi anawoloka madzi ali m'khosi, mbuzi ili paphewa. Ndikuyang'ana mtsinje: lero madzi ndi a m'mawondo. Achemwali kuseka mpaka kutsokomola. "Amalume ankadziwa deti imodzi yokha! Ngakhale mbuziyo ankati inabadwa pa sikisi Julayi."

Lachisanu, 4 Julayi
Pabawo ku Chonde ndatulutsa chitupa kuti anzanga aone. A Bizaliyele atulutsanso chawo. Sikisi Julayi. A Mateyu, chimodzimodzi. A Fulaye nawonso! Akuti tsiku lolembetsa zitupa anali kumbuyo kwanga pamzere, anamva ndikuyankha kalaliki mosakayika, iwo n'kungotengera. Nanga ine ndinaimva kwa yani? Kwa amalume.

Loweruka, 5 Julayi
Zatsala ziwiri, ndipo wailesi ikuzinena ola lililonse. Ndikuyesa kutsokomola kuti mwina ndidwale. Mayi asita kale jekete.

Lamulungu, 6 Julayi
Tchalitchi chadzaza. A tcheyamani, pondiitana: "Monga tikudziwa, pa tsiku ngati lalero tinalandira ufulu, patapita zaka ziwiri tinakhala Ripabuliki. Tsopano timve zambiri kwa bambo athu." Zonse ziwiri atha nazo okha.
Ndaimirira. Ndakonza jekete. Ndati, "Zimene anena a tcheyamani n'zoona." Ndakhala pansi.
M'manja, nthungululu! Zaka zonse ndakhala ndikusimba nkhani, sanandiomberepo chonchi. Akuti chaka chamawa ndidzalankhulenso, ndendende ngati lero.