Tsiku Limene Ndinatseka Pakamwa ku Kachisi

Mukuseka eti? Sekani, mano ndi anu. Koma amene akuti ndikunama asiye fodya akusankhayo, atuluke m'chigafa muno, chifukwa zimene ndikambezi ndinaziona ndi maso awa, ng'ala isanalowemo.

Anali masiku a Chitaganya, ine ndili mkamwini ku Kabudula, ukwati wanga ndi a Nangozo uli ndi zaka zitatu. Itakwana nyengo ya chionetsero cha zaulimi ku boma ku Lilongwe, mudzi wonse unasamba, kudzola mafuta, n'kudzazana pa lole ya fodya. Ine ndinali nditapitako chaka chinacho, ndipo ndikuuzeni, khamu lake linali loti ndinayenda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka mapazi osagunda pansi, kumangotengedwa ndi mapewa a anthu, mwendo utandiyabwa ndinakanda wa munthu wa ku Mpingu iye n'kundithokoza, ndipo ng'ombe yotchuka imene tinaipitirayo ndinangoiona mchira. Mukumva?

Ndiye ndinati, "A Nangozo, ife tisapite kofinyana. Kuseri kwa Nambuma kuli kachisi wakale kumene makolo ankapempherako mvula. Tiyeni tikaone kumeneko."

Iwo anangomanga mtedza ndi mbatata pansalu, osayankha. Masiku amenewo sankayankha kanthu. Ine sindinkadziwa kuti anali atauza kale malume awo kuti mvula yoyamba isanagwe andipirikitse, ndibwerere kwathu ku Nsaru ndi mphasa yanga.

Tinasiya msewu n'kulowa kanjira koiwalika, koti nyama zake zinali zisanaonepo munthu: gwape atagona pakati pa njira ndinachita kumuodira, iye n'kusendera pang'ono kuti tidutse, kambuku anabwera kudzatinunkhiza n'kubwerera akupukusa mutu posadziwa ngati ndife ndiwo kapena zitsa, ndipo titatopa tinakhala pachipika n'kuyamba kusenda mtedza, osadziwa kuti takhalira nsato, imene inanyamuka nafe pang'onopang'ono n'kutiwolotsa mtsinje, nsalu ya a Nangozo osanyowa ngakhale mphonje. Mukumva?

Tsono bata lake, anyamata inu! M'nkhalangomo munali zii, moti nyerere zikamadutsa zinkamveka ngati asilikali ali pa perete, tsamba likathothoka mumatembenuka kuyesa wina wagwetsa mtolo wa nkhuni, ndipo ine nditakhosomola kamodzi, chifuwacho chinachita manyazi n'kubwerera chokha kukhosi.

Kachisiyo tinamupeza dzuwa lili paliwombo. Kanali kanyumba ka udzu kolekeza m'chiuno, timiphika tiwiri takale tili pakhomo, pansi pa mkuyu umene mthunzi wake m'mawa unkafika ku Namitete, madzulo n'kukagona ku Chiwamba. Panalibe munthu, koma pabwalo panali mbee, mphepo ndiyo inkasesa. Ndinavula chipewa, tinakhala pansi.

Tsopano imvani chozizwitsa chenicheni, choposa nsato ija. Ine amene mukundidziwayu, ine amene ndinabadwa ndikulonjera azamba, ine amene ndinatsutsana ndi wailesi ya mzungu wa pa esiteti mpaka iyo inatopa n'kuzima yokha, ndinakhala chete. Osati pang'ono. Mthunzi unasuntha mikono isanu, ine osatulutsa liwu.

A Nangozo anandiyang'ana. "Kodi a Phiri, mwadwala?"

Ndinapukusa mutu.

Anadikira, poyesa ndiyamba. Ataona kuti sindikuyamba, anayamba iwo, motsitsa, maso ali pa timiphika tija.

"Mwana wathu atatisiya ali wakhanda, inu munangoti tidzabereka wina, n'kutembenukira kwa alendo kukawasimbira nkhani yanu ija ya njati. Chiyambire simunandifunsepo kuti mumtima muli bwanji. Ndikati ndiyankhule, mumandilanda mawu ali m'kamwa."

Anayankhula zonse za zaka zitatu. Anandiuza dzina limene anamusungira mwanayo, loti ine sindinalimvepo. Anandiuza kuti m'mawa uliwonse popita kudambo ankazungulira njira yaitali kuti asadutse pamene anamuika. Anandiuzanso za malume awo, ndi za mphasa yanga. Ine ndinangomva, misozi ikutsika, ndipo inatsika yambiri moti pamenepo panatumphuka kasupe, mpaka lero akumwapo anyani, madzi ake amchere pang'ono. Mukumva?

Atamaliza anapukuta kumaso, anasenda mbatata imodzi n'kundipatsa m'manja.

"Ngati mumatha kumva chonchi," anatero, "malume ndikawauza ayambe adikira."

Anadikira mkulu uja mpaka anamwalira ali ndi mano awiri.

Anzathu a pa lole anabwerako mawa lake ali mbuu ndi fumbi, wina atavala nsapato za eni ake, wina atataya mkazi n'kubwera ndi apongozi a munthu wina, onse akukangana ngati ng'ombe ija inali yakuda kapena yofiira. Ife tinabwerako awiriwiri, tikuyenda mbali ndi mbali pakanjira koti popita tinkachita kutsogozana. Ana asanu ndi awiri anabadwa pambuyo pake, ndipo woyamba anali bambo ako iwe ukusekawe.

Chimodzi chokha sindinawauze a Nangozo, ndipo inu musakayerekeze kuwauza. Pofika pa mkuyu paja ndinatola nkhuyu yakupsa n'kuiponya m'kamwa osaing'amba, ndipo m'kati mwake munali njuchi. Lilime linatupa ngati chinangwa, moti ngakhale ndikadafuna kuwadula mawu sindikadatha, ndipo kunena zoona ndinayesa kawiri. Koma makutu aja anali anga. Amenewo njuchi sinalume.