Eko ya a Chiphanga

A Chiphanga, mzimu wawo uuse, sankavomereza kuti mawu a munthu azimveka kamodzi kokha. Nyimbo iliyonse yolowa mu situdiyo mwawo inkatuluka itathiridwa eko, kubwereza mawu kuja kokhala ngati ukuimbira m'phanga. Dzina lawo lenileni tinaliiwala kalekale.

Situdiyoyo inali kachipinda kakuseri kwa telala: mathileyi a mazira khoma lonse, matiresi akutha otchinga zenera, ndi kompyuta yoyaka ikafuna. Akalowa m'nyumba ya munthu, moni unkabwera pambuyo. Ankayamba awomba m'manja kamodzi, phwa! n'kutchera khutu. "Nyumba yanuyi ndi youma," ankatero, eni ake ali kukamwa yasa.

Abusa ena anadzajambulitsa ulaliki. "Lapani" mmodzi yekha anabwerezabwereza mpaka telala panja anasiya makina n'kugwada.

"Achimwene, tachepetsani ekoyo," anadandaula abusa.

"Ndachepetsa. Tamvani tsopano."

"Eya, apo ndiye zili bwino!"

Kabatani komwe anapotokolako sikanalumikizidwe ku chilichonse. Anakaika dala, ka makasitomala odziwa zinthu.

Ine sindinkadandaula nawo. Mayi a kunyumba anandilola atamva nyimbo yomwe ndinajambulitsa kwa a Chiphanga, ndiye ndinkayenda mapewa ali m'mwamba, podziwa kuti banja langa laima pa mmero wangawu. Ndikati, "Bwanji tsiku lina tiimve yosathira kanthu?" a Chiphanga ankangoti, "Alamu, mukufuna anthu akuoneni musanavale?"

Atadwala tinakawazonda kuchipatala. Anawomba m'manja mofooka, n'kumvetsera. "Wodi ino ili ndi eko yabwino. Mawa mubwere ndi maikolofoni." Sanatulukemo.

Situdiyo anaitenga mng'ono wawo, munthu wokonda mawu osasakaniza. Ndinapita ndi mayi a kunyumba kukajambulitsa nyimbo yokumbukira malemu. Nditamaliza anaiika kuti timve, yopanda eko ngakhale pang'ono. M'masipika munalira mbuzi yothinidwa chingwe pakhosi.

"Makina awonongeka," ndinatero.

"Makina ali bwinobwino, bambo. Ameneyo ndinu."

Mkazi wanga sindinathe kumuyang'ana. Ndinkangoti basi, lero akamanga katundu.

"Abambo ake," anatero akupukuta misozi ya phwete, "mawu amenewa si omwe ndimamva m'mawa uliwonse mukamasamba? A Chiphanga anandichonderera tisanakwatirane kuti ndisadzakuuzeni."

Ndinaseka nawo. Zaka zonsezi mkulu uja ankandiveka, ine n'kumati ndinabadwa chovala.

Ndimawasowa kwambiri. Masiku ano aliyense wolowa m'kachipindako amamveka mmene alili, zomwe ambirife sizitikomera. Telala amasoka tsiku lonse popanda chomugwaditsa. Tsiku lija potuluka ndinaima pakhomo n'kuwomba m'manja kamodzi. Ndinadikira, koma palibe chinabwerera.