Tsiku Limene Njinga ya Apongozi Inaimba

Ana anga amadziwa kuti chipsera chili pachibwano pangachi ndinachipeza pa mpira. Lero ndinene zoona, poti ambiri amene akanandiseka anatsogola kale.

Munali mu 1961, ndikuphunzitsa pa kasukulu kena pakati pa Sinda ndi Katete. Ndinkadzitchanso mtolankhani, chifukwa mwezi ndi mwezi ndinkatumiza nkhani ku nyuzipepala ina ya ku Lusaka (anali asanasindikizepo ngakhale imodzi, koma pensulo sinkachoka kukhutu kwanga). Ndiye kunamveka kuti anyamata atatu ochokera kumigodi adzaimba nyimbo zachilendo zotchedwa roko kuseri kwa msika wa Katete, Loweruka masana.

Njinga ndinalibe. Ndinakabwereka kwa a Tembo, mkulu wa mpingo, bambo ake a Esinati amene ndinali nditangomufunsira mbeta. Njinga yawo ndi yokhayo m'dera lonse imene inali ndi mabuleki a waya, ndipo ankaipukuta ngati mwana wakhanda. Zamagitala ankati n'za anthu otayika, choncho ndinawauza kuti ndikukaona azakhali kuchipatala.

"Mukawapatse moni," anatero.

Ku Katete ndinapeza fumbi lili kobo. Woimba wamkulu, Jemusi, anali atapaka mafuta kumutu mpaka kuwala, akugwedeza mawondo ngati walowedwa linthumbu m'buluku. Mnzake ankamenya chitini cha parafini. Mawu sindinamvepo ndi amodzi omwe, koma phazi langa linayamba kuvina lokha osandipempha.

Nyimbo yachitatu ili pakati, nsambo ya gitala inaduka.

"Zathera pompa, abale. Ina tilibe," anatero Jemusi.

Ine ndinali nditalemba theka la tsamba chabe. Ndinaona akuyang'anitsitsa njinga ija.

"Aphunzitsi, waya wa bulekiwo umalira bwino kuposa wa m'sitolo."

Ndinavomera, poganiza kuti buleki imodzi ndi yokwana kwa munthu wosamala. Nsambo yachiwiri itaduka, sanachite kupempha. Ndinamasula ndekha waya wotsalawo, anthu akundiombera m'manja (ndikuvomera, ndinawagwadira pang'ono).

Pobwerera ndinkaimba mluzu, m'mutu ndikukonza nkhani. Zoti ndilibe mabuleki ndinazikumbukira pamtsetse wolowera kukamtsinje ka kwathu. Ndinafinya zogwirira, zinangoti lobodo. Ndinakwekwereza mapazi, nsapato imodzi n'kutsalira. Amayi amene ankachapa anamwazikana, ine n'kudutsa pa zovala zawo zoyanika mpaka m'bango, chibwano pamwala.

Kwa a Tembo ndinati akuba anachotsa mawaya ndili m'chipatala. Anayang'ana njinga, kenaka ine.

"Akuba a masiku ano ndi aulemu. Kusiya njinga yathunthu."

Apa wanzeru akanakhala chete. Ine ndinalemba nkhani ya masamba anayi, ndipo pofuna kutchuka ndinafotokoza momwe mtolankhani wanu anapulumutsira chisangalalo ndi mawaya a njinga ya mkulu wa mpingo. Ndinkati adzaitaya monga zinzake zonse. Imeneyo ndiyo anasindikiza, dzina langa lili pamwamba.

Patapita milungu itatu a Tembo anandiitanitsa. Ndinawapeza pakhonde, nyuzipepala ili pamwendo, Esinati akusuzumira pazenera maso ali ofiira. Ndinakhala pansi ndikudziwa kuti mbeta yapita.

"Aphunzitsi, azakhali aja anavina nawo?"

"Iyayi, bambo."

"Nanga njinga yanga inaimba bwino?"

"Inaimba bwino kwambiri, bambo."

Anapinda nyuzipepala pang'onopang'ono, mapewa akugwedezeka ngati munthu wodziletsa kutsokomola.

"Chabwino. Mugule mawaya awiri. Ndipo pa ukwati wanu njingayo musadzaiitane, kudzaimba kwaya."

Phunziro lake n'loonekeratu: wabodza asamalembe, wolemba asamaname. Ine ndinaligwira theka. Kunamiza apongozi ndinalekadi, koma Loweruka lotsatira ndinapitanso kukamvera Jemusi, ulendo uno wapansi, nditauza Esinati kuti azakhali adwalikanso.